Mipingo ya anthu zikwizikwi: chomwe chimaikulitsa ndi chomwe chimaigwedeza

Akatswiri ofufuza za chipembedzo, makamaka a bungwe la Hartford Institute for Religion Research ku United States, amauika mpingo m'gulu la mipingo ikuluikulu ngati anthu osachepera 2,000 amasonkhana pa mapemphero ake sabata ndi sabata. Muyeso umenewu umagwira bwino ku America, koma ukafika nawo ku Lagos, ku Seoul kapena ku São Paulo umachepa kwambiri. Kachisi wa Faith Tabernacle, amene mpingo wa Living Faith unatsegula ku Ota m'dziko la Nigeria m'chaka cha 1999, ali ndi malo a anthu 50,000, ndipo Lamlungu amadzaza kangapo, gulu lina likutuluka lina likulowa. Mpingo wa Yoido Full Gospel ku Seoul unalembedwa m'buku la Guinness m'chaka cha 1993 kuti unali ndi mamembala pafupifupi 700,000. Ku Houston, mpingo wa Lakewood umapempherera m'holo imene kale inali bwalo la timu ya basketball ya Houston Rockets, momwe muli mipando yoposa 16,000.

Si mpingo waukulu uliwonse umene uli wa Chipentekoste, pakuti ilipo ya Baptist ndi ya Presbyterian imene nayonso imasonkhanitsa khamu. Komabe yambiri mwa imene yakula mopitirira muyeso ndi imene imatsindika mphatso za Mzimu Woyera, monga kulankhula m'malilime, machiritso, uneneri ndi kutulutsa ziwanda. Pafupifupi yonse ili ndi chinthu chinanso chofanana: pamwamba pake pali munthu mmodzi, kawirikawiri amene anauyambitsa, amene akhristu ake amamuona kuti ndi wodzozedwa mwapadera. Munthu mmodziyo ndiye amathandiza mpingo kukula mofulumira, chifukwa chimene wasankha chimachitika popanda kudikira misonkhano ya akuluakulu, ndipo ndi pa iye yemweyo pomwe mpingo umafookera akalakwa, akakalamba kapena akamwalira.

Chiyambi cha gulu lonseli chinali chonyozeka. M'chaka cha 1906, a William J. Seymour, mlaliki wachikuda amene makolo ake anali akapolo ku Louisiana, anayamba kutsogolera mapemphero m'nyumba yakutha ya pa Azusa Street mumzinda wa Los Angeles. Azungu ndi anthu akuda ankapemphera limodzi pa nthawi imene tsankho linali lamphamvu, ndipo alendo amene anafika kumeneko anabwerera kwawo ndi chiphunzitso chakuti zimene zinachitika pa tsiku la Pentekoste, monga zalembedwa pa Machitidwe 2, zikuchitikabe lero. Kwa zaka zambiri Chipentekoste chinkaonedwa ngati chipembedzo cha amphawi. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1960, pamene a Dennis Bennett, wansembe wa mpingo wa Episcopal ku Van Nuys ku California, anauza mpingo wawo kuti analankhula m'malilime, ndipo m'chaka cha 1967 zoterezi zinalowanso pakati pa Akatolika a pa yunivesite ya Duquesne. Pambuyo pake kunabuka mipingo yoima payokha, yosalamulidwa ndi sinodi kapena likulu lakale lililonse, ndipo m'gulu limeneli ndi momwe mwatuluka yambiri mwa mipingo ikuluikulu ya lero. Lipoti la bungwe la Pew Research Center la mu 2011 linati anthu a Chipentekoste pamodzi ndi a m'mipingo ina amene amakhulupirira mphatso zimenezi analipo pafupifupi 584 miliyoni, kutanthauza kuti mkhristu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi.

Chithunzi cha mpingo waukulu wamakono chinaoneka kale kwa mayi Aimee Semple McPherson, amene anatsegula Angelus Temple ku Los Angeles m'chaka cha 1923, kachisi wa mipando yoposa 5,000, ndipo chaka chotsatira anatsegula wailesi yawoyawo. Holo yaikulu, nyimbo zokonzedwa bwino, nyumba youlutsira mawu ndi mlaliki wotchuka kuposa mpingo wake, zonsezi zinalipo kale zaka 100 zapitazo.

Koma amene anasonyeza dziko mmene khamu lotere lingagwiridwire kuti lisabalalike ndi malemu David Yonggi Cho a ku South Korea. Iwo anayamba mpingo wawo, umene pambuyo pake unadzatchedwa Yoido Full Gospel, m'chaka cha 1958 pamodzi ndi mayi Choi Ja-shil, amene pambuyo pake anadzakhala apongozi awo, m'dera la anthu osauka la mumzinda wa Seoul, dziko lisanachire ku nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Poyamba ankapempherera m'nyumba ya mayi Choi, kenako m'tenti. Mpingo utakula kufika anthu masauzande angapo, a Cho ankafuna kuchita zonse okha, kulalikira, kubatiza ndi kuyendera odwala, mpaka m'chaka cha 1964 anakomoka ndi kutopa. Ali chigonere anaganiza zogawa mpingo m'timagulu tosonkhana m'makomo. Madikoni aamuna sanaulandire udindowo, choncho unagwera amayi, zimene zinali zachilendo m'chikhalidwe cha ku Korea cha nthawi imeneyo.

Kagulu kotere n'kofunika kukayang'anitsitsa, chifukwa m'menemo ndi momwe muli moyo weniweni wa mpingo waukulu. Mabanja ochepa oyandikana amakumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo tsiku lina la pakati pa sabata. Amaimba, amawerenga phunziro lokonzedwa ku likulu la mpingo, amapemphererana potchula mayina ndi mavuto, ndipo aliyense amalimbikitsidwa kuitana mnansi kapena mnzake wa kuntchito. Mtsogoleri wa kagulu amadziwa amene wadwala, amene wachotsedwa ntchito ndi amene sanaoneke ku tchalitchi Lamlungu, ndipo amapereka lipoti kwa m'busa wa dera, amene naye amalipititsa kwa womuyang'anira. Kagulu kakakula kamagawidwa pawiri, wothandiza mtsogoleri n'kutenga theka. Munthu amene Lamlungu amakhala kutali ndi guwa moti amaona mlaliki pa kanema wopachikidwa pakhoma, pakati pa sabata amakhala ndi anthu ochepa amene amamudziwa bwino ndipo adzafika pakhomo pake tsiku la maliro. Njira imeneyi inafalikira kwambiri: mpingo wa Elim ku El Salvador unakula nayo, ndipo a César Castellanos ku Bogotá anaisintha n'kukhala dongosolo lotchedwa G12, lakuti mtsogoleri aliyense alere ophunzira 12, amene aliyense wa iwo adzalerenso 12 ena.

Si mwangozi kuti mipingo yotereyi imamera m'mizinda imene inakula mofulumira. Seoul, Lagos, São Paulo ndi Bogotá ndi mizinda imene inalandira anthu mamiliyoni ochokera kumidzi m'zaka zochepa chabe. Munthu wobwera kumene m'tauni amakhala atasiya abale, akuluakulu omulangiza ndi njira zonse zimene zinkamuteteza kwawo, ndipo boma nthawi zambiri silikhala ndi chomupatsa m'malo mwake. Ku Nigeria, mipingo imeneyi inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980, mitengo ya mafuta itagwa ndipo boma litayamba kuchepetsa ndalama zothandizira anthu, pamene ngakhale omaliza maphunziro a ku yunivesite ankasowa ntchito. Mpingo unawapatsa anzawo, mbiri ya komwe kukupezeka ntchito, mwayi wopeza banja, ndi udindo umene kunja sakanaupeza. Kafukufuku wa mayi Elizabeth Brusco ku Colombia anasonyeza kuti mwamuna akatembenuka mtima n'kusiya mowa, juga ndi zibwenzi, ndalama zimene zinkathera kunja zimayamba kulowa m'nyumba, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene amayi amakhalira oyamba kulowa. Amene amafulumira kunena kuti anthu a m'mipingo imeneyi ndi ongopusitsidwa amaiwala mbali imeneyi. Ambiri amakhalamo chifukwa amaona phindu lenileni pa moyo wawo.

Nkhani imavuta ikafika pa chiphunzitso cha chuma ndi thanzi. Mizu yake ili ku America, m'zolemba za a E. W. Kenyon ndi m'maulaliki a a Kenneth Hagin, amene ankaphunzitsa kuti chimene wokhulupirira wachinena ndi pakamwa mwachikhulupiriro chimachitika, komanso kwa a Oral Roberts a ku Tulsa, amene anatchukitsa ganizo lakuti chopereka ndi mbewu imene munthu amafesa kuti adzakolole zochuluka. Mavesi amene amabwerezedwa kawirikawiri ndi Malaki 3:10, pa za chakhumi ndi mazenera a kumwamba, ndi 3 Yohane 2, pamene wolemba amafunira mnzake moyo wabwino ndi thanzi monga momwe mzimu wake ulili bwino. Pa vesi lachiwirili ndi pomwe a Cho anamangapo chiphunzitso chawo cha madalitso atatu, a mzimu, a thupi ndi a chuma. Ku Africa uthengawu unafika makamaka kudzera mwa malemu Benson Idahosa a ku Benin City, amene anaphunzira ku Dallas ndipo anadzoza kapena kulimbikitsa alaliki ambiri a m'badwo wotsatira, kuphatikizapo a David Oyedepo a Living Faith.

Uthengawu uli ndi nkhope ziwiri. Kwa munthu amene anakula akumva kuti umphawi ndi gawo lake, mawu akuti Mulungu sakondwera ndi kuvutika kwake amamudzutsa, ndipo alaliki ena amawaphatikiza ndi malangizo a kulimbikira ntchito, kusunga ndalama ndi kuyamba bizinesi. Koma pali msampha mkati mwake umene suoneka msanga. Wofesa mbewu akapeza ntchito kapena akachira, amaitanidwa kutsogolo kukapereka umboni, ndipo umboniwo umakopa ena kuti afese. Akapanda kulandira kanthu, chifukwa chake chimapezeka mwa iye mwini: chikhulupiriro chinachepa, pali tchimo lobisika, pali temberero la ku mtundu, kapena mbewu inali yaing'ono. Motero chiphunzitsocho sichingapezeke cholakwa, popeza opindula amalankhula pa guwa pamene otaya amachoka mwakachetechete. Akhristu ena a chikhulupiriro cha evangeliko anatsutsa poyera mbali imeneyi pa msonkhano wa bungwe lawo la Lausanne umene unachitikira ku Cape Town m'chaka cha 2010. Tisaiwalenso kuti si mipingo yonse ikuluikulu imene imayenda njira imeneyi. Mpingo wa Deeper Life, umene a W. F. Kumuyi anauyamba m'chaka cha 1973 ngati kagulu ka anthu 15 ophunzira Baibulo ku Lagos, unakula polalikira chiyero ndi kudziletsa.

Mpingo ukafika pa msinkhu umenewu umayendetsedwa ngati kampani yaikulu, ufune usafune. Mpingo wa Redeemed Christian Church of God uli ndi nthambi m'maiko oposa 100, ndipo cholinga chimene unadziikira n'chakuti m'maiko osauka munthu asayende mphindi zoposa zisanu wapansi asanapeze nthambi yake. Malo ake a misonkhano a m'mbali mwa msewu waukulu wa Lagos kupita ku Ibadan anasanduka tauni yokhala ndi nyumba zogona, mabanki, sukulu ndi magetsi akeake. Living Faith inatsegula Covenant University m'chaka cha 2002. Ku Brazil, a Edir Macedo, amene anayambitsa Igreja Universal do Reino de Deus ku Rio de Janeiro m'chaka cha 1977, anagula wailesi ya kanema ya Record m'chaka cha 1989, ndipo mu 2014 mpingo wawo unatsegula ku São Paulo kachisi wa anthu 10,000 womangidwa motsanzira kachisi wa Solomoni. Mpingo wa Hillsong, umene a Brian Houston ndi akazi awo a Bobbie anauyamba ku Sydney m'chaka cha 1983, unadziwika padziko lonse chifukwa cha nyimbo, zimene zimaimbidwa ngakhale m'mipingo yosagwirizana ndi chiphunzitso chake.

Chinanso chimene mipingoyi yasintha ndi komwe amishonale amachokera. Umodzi mwa mipingo imene inakula kwambiri ku London ndi Kingsway International Christian Centre, umene a Matthew Ashimolowo a ku Nigeria anauyamba m'chaka cha 1992, ndipo ku Kyiv a Sunday Adelaja, nawonso a ku Nigeria, anamanga mpingo wa anthu zikwizikwi umene ambiri mwa mamembala ake anali a ku Ukraine komweko.

Tsono funso limabwera lakuti ndani amayang'anira munthu amene ali pamwamba pa zonsezi. M'mipingo yakale m'busa amayankha kwa akulu a mpingo, kwa sinodi kapena kwa bishopu, amatha kusamutsidwa, ndipo chuma chimalembedwa m'dzina la mpingo pansi pa matrasti amene iye sangawachotse yekha. Mu mpingo woima pawokha, komiti yoyang'anira nthawi zambiri imasankhidwa ndi woyambitsa mwiniyo, ndipo imakhala ndi akazi ake, ana ake kapena abusa amene iye anawadzoza ndiponso amawalipira. Pamwamba pa izi pali chiphunzitso cha kudzoza. Mawu a pa Masalimo 105:15, oletsa kukhudza odzozedwa a Mulungu, amagwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa aliyense wofunsa za mabuku a ndalama, moti funso wamba la kawerengedwe ka chuma limasanduka kupandukira Mulungu. Malamulo a boma nawonso sathandiza kwenikweni. Ku United States mipingo siikakamizidwa kupereka ku bungwe la misonkho lipoti la pachaka limene mabungwe ena osapanga phindu amapereka, ndipo pamene phungu wa nyumba ya malamulo Chuck Grassley anayamba kufufuza mautumiki asanu ndi umodzi a alaliki a pa kanema m'chaka cha 2007, ena sanapereke zonse zimene anafunsidwa, ndipo kafukufukuyo anatha mu 2011 popanda aliyense kulangidwa.

Zotsatira za kusowa kwa woyang'anira zaoneka m'makhoti. M'chaka cha 2014 khoti la ku Seoul linapeza a Cho olakwa pa mlandu woonongetsa ndalama za mpingo zoposa ma won (ndalama za ku Korea) 13 biliyoni, pochititsa mpingo kugula masheya okhudzana ndi mwana wawo pa mtengo wokwera mopitirira, ndipo anapatsidwa chilango choimikidwa, osalowa m'ndende. Ku Singapore, a Kong Hee a mpingo wa City Harvest ndi anzawo asanu anapezeka olakwa mu 2015 pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za mpingo pafupifupi madola 50 miliyoni a ku Singapore, pa nkhani yokhudza kutukula ntchito yoimba ya akazi a Kong Hee, imene mpingo unkati ndi njira yofalitsira uthenga. Chilango cha a Kong cha zaka zisanu ndi zitatu chinatsitsidwa pa apilo kufika zaka zitatu ndi theka. Chodabwitsa m'nkhani imeneyi n'chakuti mamembala ambiri anapitiriza kuikira kumbuyo atsogoleri awo, ponena kuti iwo anapereka mwaufulu ndipo sakudandaula. A Brian Houston anatula pansi udindo ku Hillsong mu 2022, kafukufuku wa mpingo womwewo atapeza kuti anaphwanya malamulo a khalidwe la abusa. Ku Lagos, nyumba ya alendo ya mpingo wa malemu T. B. Joshua inagwa pa 12 September 2014 n'kupha anthu 116, ambiri a iwo a ku South Africa. Wofufuza za imfa wa boma anapeza kuti nyumbayo inamangidwa molakwika ndiponso popanda chilolezo choyenera, pamene mpingo unkaloza chala ndege imene inazungulira pamalopo nyumbayo isanagwe.

Kunena zoona, mipingo ikuluikulu ilipo masauzande, ndipo atsogoleri ambiri sanaimbidwepo mlandu uliwonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho cholakwa cha mlaliki wotchuka chimamveka kutali kuposa cha m'busa wa mpingo waung'ono. Koma milandu yatchulidwayi ikufanana pa chinthu chimodzi, chakuti panali anthu apafupi amene ankadziwa kapena kukayikira, koma analibe njira yoimitsira mtsogoleri popanda kutaya ntchito, anzawo ndi mpingo wawo. Ziwerengero za mamembala nazonso n'zofunika kuzilandira mosamala, chifukwa zimachokera ku mipingo yomweyo, ndipo kawirikawiri olowa amawerengedwa pamene otuluka safufutidwa m'kaundula.

Khamu lotere ndi mavoti, ndipo andale amadziwa zimenezi. A Marcelo Crivella, bishopu wa Igreja Universal amenenso ndi mphwake wa a Macedo, anakhala meya wa Rio de Janeiro kuyambira 2017 mpaka 2020. A Yemi Osinbajo, m'busa wa Redeemed, anali wachiwiri kwa pulezidenti wa Nigeria kuyambira 2015 mpaka 2023. Mayi Paula White, mlaliki wa ku America, akhala mlangizi wa zauzimu wa a Donald Trump kwa zaka zambiri. Maboma ena ayesa kuika malire: bungwe la CRL Rights Commission ku South Africa linatulutsa lipoti mu 2017 lokhudza kusandutsa chipembedzo malonda, ndipo dziko la Rwanda linatseka nyumba zopemphereramo masauzande mu 2018 n'kulamula kuti abusa akhale ndi maphunziro a zaumulungu. Apa mpofunika kusamala, pakuti boma limene lapatsidwa mphamvu yosankha woyenera kulalikira likhoza kugwiritsa ntchito mphamvu yomweyo kutontholetsa alaliki amene amalidzudzula. Kufuna kuti mabuku a ndalama aunikidwe ndi akatswiri oima paokha ndiponso kuti nyumba zimangidwe motsata malamulo n'kosiyana ndi kuweruza chiphunzitso.

Mayeso aakulu a mpingo womangidwa pa munthu mmodzi amafika tsiku limene munthuyo wachoka. Njira yofala ndi ya banja. A John Osteen atamwalira mu 1999, mwana wawo Joel, amene ankagwira ntchito yojambula mapemphero a pa kanema, ndiye anatenga Lakewood, ndipo mpingowo unakula kuposa kale. A Idahosa atamwalira mu 1998 analowa m'malo ndi akazi awo a Margaret, monganso a Evelyn Joshua anatenga mpingo wa amuna awo mu 2021. Ku Yoido anasankha wosakhala wachibale, a Lee Young-hoon, amene anayamba udindo mu 2008 a Cho akadali moyo. Chitsanzo chochititsa chidwi ndi cha Redeemed: woyambitsa wake, a Josiah Akindayomi, amene anauyamba mu 1952 ndipo ankalalikira m'Chiyoruba, sanasiyire mwana wawo koma womasulira wawo, a Enoch Adeboye, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite, amene anatenga udindo mu 1981 mpingowo uli ndi nthambi zowerengeka chabe.

M'badwo umene unamanga mipingo imeneyi wakalamba. A Kenneth Copeland, mlaliki wa ku America, anabadwa mu 1936, a Kumuyi mu 1941, a Adeboye mu 1942, a Macedo mu 1945, ndipo nkhani ya olowa m'malo awo siikambidwa momasuka. Dziko la Nigeria linayesapo kuilowerera: bungwe la boma loona za malipoti a zachuma, Financial Reporting Council, linakonza lamulo lakuti mtsogoleri wa bungwe losapanga phindu, kuphatikizapo mpingo, asapitirire zaka 20 pa mpando. Mu January 2017 a Adeboye analengeza kuti asankha a Joshua Obayemi kuti ayang'anire mpingo wa Redeemed m'dziko la Nigeria. Patangopita masiku ochepa boma linaimitsa lamulolo n'kuchotsa ntchito mkulu wa bungwelo, ndipo a Adeboye anapitiriza kukhala woyang'anira wamkulu wa mpingowo padziko lonse.